Kodi Kutaya Boila Yokalamba Ndi Tchimo?

Ife amene tinakulira ku Malawi tili ndi lamulo lina limene silinalembedwe pa miyala ya Mose, komabe timalisunga kuposa ena mwa khumi aja: usataye chinthu chimene chingakonzedwe. Ndowa ya pulasitiki ikang'aluka imaotcheredwa ndi kachitsulo kamoto. Nsapato imabwerera kwa wosoka pakhonde la sitolo mpaka iye mwini atanena kuti palibenso pobaya singano. Ku Ndirande ndi ku Mchesi kuli amisiri amene amaphunzitsa ana ndi ndalama za zinthu zimene kwina zikanakhala kudzala kalekale. Lamuloli tinakwera nalo ndege. Lili nafe kuno ku Leicester, ndipo chaka chino landikanganitsa ndi boila ya m'nyumba mwanga.

Kwa a kumudzi amene simunaionepo, boila ndi bokosi lachitsulo lopachikidwa pakhoma, kawirikawiri kukhitchini. M'kati mwake mumayaka gasi, motowo umatenthetsa madzi, pampu n'kumawakankha m'mapaipi kupita ku maradiyeta a m'zipinda zonse. Madzi osamba amachokeranso momwemo. Nyumba zambiri za ku Britain, pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse, zimafunda motere. Mu Januwale dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko, ndipo m'mawa galasi la galimoto limakhala litauma ndi chisanu. Boila ikafa nyengo imeneyo, m'nyumba mumalowa khamu la mavuto: ana amagona atavala majekete, makoma amachita thukuta, nkhungu yakuda n'kuyamba kumera m'makona.

Yathu tinaipeza mommuno pamene tinkagula nyumbayi, ndipo inali kale ndi zaka zake. Ndi ya mtundu wakale uja wokhala ndi kamoto kakang'ono kosazima usana ndi usiku. Mu Epulo 2005 boma linalamula kuti ku England ndi Wales maboila atsopano a gasi azikhala a mtundu wotchedwa condensing, ndiye yathu ndi ya mbadwo umene unasiya kuikidwa nthawi imeneyo. Kusiyana kwake n'kosavuta kumva. Gasi akapsa amatulutsa nthunzi yotentha. Boila yakale imaitaya nthunziyo panja kudzera m'chumuni, kutentha kwake konse n'kupita kwa mbalame. Yatsopano imaiziziritsa nthunziyo isanatuluke mpaka isanduke madzi, ndipo kutentha kumene imakutulutsa posanduka madziko kumabwerera m'mapaipi a m'nyumba. N'chifukwa chake yatsopano imatha kupulumutsa gawo loposa 90 pa 100 la mphamvu ya gasi, pamene zakale zambiri zimathera cha m'ma 60 kapena 70. Pa mapaundi 10 alionse amene ndimalipira, atatu kapena kuposerapo ndimafunditsa msewu.

Zimenezi ndakhala ndikuzidziwa. Sizinandisunthe, chifukwa nthawi iliyonse ikadwala inkachira. Pampu inasinthidwa. Fani inasinthidwa. Kabolodi ka magetsi kamene kamalamula zonse kanapsa, mmisiri n'kupeza kena kogwiritsidwapo kale ntchito pa intaneti. Ulendo uno wapeza kuti chitsulo chimene moto umakumanirana ndi madzi, heat exchanger, chayamba kudontha, ndipo fakitale inasiya kupanga masipeya ake. Akhoza kusakasaka chakale china, mtengo wake ndi ntchito n'kufika cha m'ma mapaundi 500, popanda lonjezo lililonse. Boila yatsopano pamodzi ndi kuika ili pakati pa 2,000 ndi 3,500. Mmisiriyo anapukuta manja n'kunena kuti ikanakhala yake sakanaitayiranso ndalama. Mumtima ndinati, ndimomwe amalankhulira onse amene akufuna kukugulitsa chatsopano.

Kukayikira kumeneku si kwa umbuli. Mu Disembala 1924 makampani akuluakulu opanga mababu, kuphatikizapo Osram ndi Philips, anagwirizana ku Geneva kuti babu lisamapitirire maola 1,000, pofuna kuti anthu azigula pafupipafupi. Mu 2021 Britain inachita kukhazikitsa lamulo lokakamiza opanga mafiriji, makina ochapira ndi ma TV kuti azisunga masipeya kwa zaka zingapo. Dziko limene likufunika lamulo kuti chinthu chizikonzeka ndi dziko limene mphawi ayenera kuyendamo ali tcheru. Ngakhale ma condensing otamandidwawo ali ndi chilema chawo: madzi aja amatuluka kudzera m'kapaipi ka pulasitiki kopita panja, kamene kamaundana kukazizira kwambiri, boila n'kuzima tsiku lenileni limene ukuifuna. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhaniyi ndinaitula pa tiyi titaweruka ku mapemphero, mu holo imene timabwereka masana a Lamulungu. Sindinayembekezere kuti isanduka msonkhano wa zaumulungu. Mayi wina wachikulire, namwino amene wagwira ntchito kuno kuyambira tisanabwere ambirife, anaika kapu pansi.

"Akulu ampingo, inu amene mumatiphunzitsa za ukapitawo, mukatayenso chinthu choti chikhoza kuchira? Ambuye atadyetsa chikhamu chija analamula kuti makombo atoleredwe. Mwini kuchulukitsa mkate sanafune kuti nyenyeswa zitayike, nanga inu ndi ine ndife yani?"

Mnyamata wina wophunzira za uinjiniya sanadikire kuti amalize bwino. "Pepani amayi, komatu Ambuye omwewo anachenjeza za chigamba chatsopano pa chovala chakale. Bambowa akusoka chigamba pa chigamba. Tsiku lina chidzang'ambika pakati pa usiku."

Onse awiri anali ndi vesi, ndipo onse awiri sananame. Yohane 6 ilipo, Marko 2 iliponso. Mlaliki, m'mutu wachitatu, amavomereza kuti kusunga kuli ndi nyengo yake ndipo kutaya kulinso ndi yake, koma sapereka kalendala. Amakusiyira wekha ntchito yozindikira kuti lero ndi nyengo iti, ndipo pamenepo ndi pamene pagona vuto lonse. Baibulo silidzakuuza tsiku limene boila yako yatha. Chimene lingachite ndi kukufunsa chifukwa chimene ukuikakamirira.

Ndadzifunsa funsoli moona mtima, ndipo mayankho amene ndapeza ndi osakanikirana. Lina ndi loyera: sindifuna kukhala munthu amene amathetsa vuto lililonse ndi khadi la kubanki. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato si' ya mu 2015, anadandaula za chikhalidwe chotaya zinthu, ndipo anaona kuti mtima wozolowera kutaya katundu suchedwa kutayanso anthu. Ine si Mkatolika, koma pamenepa ndimamuvomera, chifukwa ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo okalamba. Ndimaona agogo amene ana awo amakhala mtunda wa mphindi zochepa pa galimoto koma amabwera pa Khirisimasi pokha. Sindinganene kuti anawo anaphunzira zimenezi potaya maketulo, komabe m'dziko limene chilichonse chikayamba kutsokomola chimasinthidwa, sindidabwa kuona kuti kupirira ndi chofooka kwasanduka luso losowa. Mnyamata uja atanena kuti chokalamba chimangofunika kuchotsa, namwino uja anamuyang'ana nthawi yaitali. Mayiyo ali ndi zaka zopitirira 60.

Yankho lina si loyera chotero. Kukonza zinthu kwathu kuja, kodi kunali ukoma kapena kusowa? Bambo anga ankamanga tayala la njinga ndi mphira chifukwa latsopano linali kutali ndi thumba lawo. Atalandira ndalama za fodya chaka china chabwino, anakagula matayala awiri tsiku lomwelo, ndipo sindinawaone akulira maliro a akale aja. Ife ana tinatenga chizolowezi cha umphawi n'kuchiveka mwinjiro wa chipembedzo. Zina mwa izo zinalidi nzeru. Zina zinali mantha chabe, mantha akuti ukatulutsa ndalama yaikulu lero mawa kugwa maliro kumudzi, foni n'kulira, iwe ulibe chotumiza. Mantha amenewo ndi enieni, ndipo aliyense wa ife kuno amawadziwa. Koma mantha ndi chikhulupiriro ndi zinthu ziwiri, ngakhale zimakonda kukhala pa benchi imodzi m'tchalitchi.

Agiriki anali ndi mwambi wawo wa nkhani yotereyi. Plutarch analemba kuti anthu a ku Athens anasunga ngalawa ya Theseus kwa mibadwo yambiri, thabwa likaola n'kumaikapo lina, mpaka anzeru anayamba kutsutsana ngati inali ikadali ngalawa yomwe ija. Thomas Hobbes anadzawonjezera funso lakuti, nanga wina akanatola matabwa onse otayidwawo n'kupanga ngalawa yachiwiri, yeniyeni ikanakhala iti? Boila yanga yatsala pang'ono kufika pamenepo. Pampu ndi ina, fani ndi ina, bolodi ndi ina. Ndikasinthanso heat exchanger chotsala cha pachiyambi chikhala bokosi lakunja ndi mapaipi ochepa. Ndiye ndikunena kuti ndikusunga chiyani? Anthu a ku Athens anali ndi chifukwa, ngalawayo inkawakumbutsa chimene iwo anali. Boila iyi siinyamula mbiri ya mtundu wanga. Inaikidwa ndi munthu amene sindinamuonepo, m'nyumba ya banja lina.

Nkhani ya m'Baibulo imene yandigwira kwambiri pa zimenezi siinatchulidwe pa tiyi paja. Ndi ya njoka yamkuwa. M'chipululu, anthu akufa ndi njoka zaululu, Mose anapanga njoka yamkuwa n'kuipachika pamtengo, ndipo woiyang'ana ankachira. Chinali chida chabwino, cholamulidwa ndi Mulungu mwini. Aisraeli anaisunga, ndipo ndani angawadzudzule? Koma patapita zaka mazanamazana, 2 Mafumu 18 imatiuza kuti anali atayamba kuifukizira zonunkhira, ndipo mfumu Hezekiya anaiphwanyaphwanya. Wolemba mbiriyo sakumudzudzula Hezekiya chifukwa chowononga chuma cha makolo. Akumuwerengera pakati pa mafumu olungama. Njokayo sinasinthe, mkuwa unali womwewo. Chimene chinasintha n'chakuti poyamba inkatumikira anthu, kenako anthu anayamba kuitumikira.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi namwino uja, ngakhale ndimamulemekeza ngati mayi anga. Iye amaopa kuti wotaya boila adzataya agogo. Ine ndikuona kuti njira yotetezera agogo ndi kukana kusokoneza agogo ndi boila. Immanuel Kant, mu 1785, anasiyanitsa zinthu zimene zili ndi mtengo ndi zimene zili ndi ulemerero: chokhala ndi mtengo chingalowedwe m'malo ndi china chofanana nacho, koma munthu alibe chofanana naye. Makolo athu anafika pomwepo osawerenga Chijeremani pamene ankati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu umanena za mayi. Mayi sakhalapo chifukwa cha ntchito imene amagwira, kotero kuti mwendo ukafooka umayi wake suchepa. Boila ilipo chifukwa cha ntchito imodzi yokha, kufunditsa anthu bwinobwino popanda kuwaika pangozi. Ikalephera imeneyo ilibenso china chimene ili. Kuipatsa kukhulupirika kumene kumayenera munthu ndi kulanda munthu wina, ndipo munthuyo amakhala ali m'nyumba momwemo.

M'nyumba mwanga munthu ameneyo ndi apongozi anga. Anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzathandiza kulera mdzukulu wawo wamng'ono, ndipo nyengo yozizira yawapeza kuno. Masana ine ndi mayi a kunyumba timakhala ku ntchito kofunda, ana akuluakulu ali kusukulu kofunda. Otsala m'nyumba ndi gogo ndi khanda. Boila ikazima ndi iwo amene amadikira mmisiri atavala chipewa chaubweya, juzi ziwiri ndi chitenje pamwamba. Ndipo apongozi sangadandaule kwa mkamwini. Ndikawafunsa, amayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Ayi bambo, tili bwinobwino, musavutike." Mayi a kunyumba ndi amene anandiuza usiku wina, mopanda ukali, kuti, "Abambo, kupirira kwanuku akukulipirirani ndi amayi."

Mawu amenewo ndi amene anandipatsa muyeso umene ndinkausowa. Pofuna kudziwa ngati kukonzanso chinthu kuli ukapitawo kapena liuma, funso ndi lakuti: akumva kuwawa kwa kudikiraku ndani? Ngati ndi ine ndekha, ndikhoza kusoka zigamba mpaka kalekale, ndipo mwina Mulungu akondwera nako kudzichepetsa kwanga. Nsapato zanga za ku ntchito ndazisoketsa, foni yanga ili ndi galasi losweka, palibe amene akuvutika nazo. Koma ngati mtengo wa ukoma wanga ukugwera wina amene alibe mawu, umenewo si ukoma wanganso. Ndatenga ngongole m'dzina la munthu wina.

Pali chinanso choopsa kuposa kuzizira. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 22, chinkalamula womanga nyumba kuti aike kampanda kuzungulira denga lake, kuti wina akagwa magazi ake asakhale pa mwini nyumba. Mulungu wa m'Baibulo amalowerera mpaka pa kamangidwe. Kampanda ka masiku ano ndi chumuni chosatsekeka ndi moto woyaka bwino. Gasi akamapsa mosakwanira amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu, womwe uja umene umapha anthu kwathu mu Juni akagona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo, munthu n'kumaganiza kuti ndi chimfine. Lawi la boila liyenera kukhala lobiriwira ngati thambo; likayamba chikasu, kapena mwaye ukaoneka pabokosi, zinthu zalakwika. Boila yakale yosamalidwa bwino siili yakupha mwa iyo yokha, ndipo yatsopano yoikidwa molakwika ikhoza kupha. Koma chitsulo chimene chayamba kudontha, chokonzedwa ndi masipeya ochotsedwa m'maboila ena akufa, chikundipempha kuti ndichikhulupirire pa chinthu chimene sindingathe kuchiona kapena kuchinunkhiza, khanda lili m'chipinda cham'mwamba.

Wina anganene kuti, nanga chifundo? Fanizo la mkuyu wosabala pa Luka 13 ndimalikonda, ndipo ndalilalikirapo. Mwini munda akufuna kuudula, wosamalira munda akupempha kuti aukumbire, authire manyowa, auonenso. Timakonda kuimira pamenepo. Koma wosamalirayo anapempha chaka chimodzi, ndipo iye mwini anavomera kuti chikatha popanda chipatso mtengowo udulidwe. Chifundo chake chinali ndi khasu m'manja ndiponso tsiku lomaliza. Boila yanga inalandira chaka chake pamene tinasintha bolodi ija, ndipo manyowa tinathira. Kupempha chaka china chaka chilichonse ndi kuthawa chigamulo basi.

Tsono kuchotsa yakale sikuthetsa mlandu, kumangotsegula wina: m'malo mwake muikidwe chiyani? Boma likukankhira anthu ku heat pump. Chimenechi ndi firiji yotembenuzidwa: firiji imachotsa kutentha m'kati n'kukutayira kunja, pamene heat pump imatola kutentha mu mpweya wa panja, ngakhale kukuzizira, n'kukulowetsa m'nyumba. Pa muyeso umodzi wa magetsi imapereka pafupifupi miyeso itatu ya kutentha, ndipo mitundu ina imathanso kuziziritsa nyumba. Kale kuziziritsa nyumba ku England kukanamveka ngati nthabwala, koma pa 19 Julaye 2022 kutentha kunafika madigiri 40.3 ku Coningsby m'chigawo cha Lincolnshire, koyamba m'mbiri ya dziko lino kudutsa 40. Pansi pa ndondomeko ya Boiler Upgrade Scheme, imene inayamba mu 2022, boma limathandiza ndi ndalama, ndipo mu Okutobala 2023 linakweza thandizolo kufika mapaundi 7,500.

Kwa Mmalawi nkhaniyi ili ndi mbola yake. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe, anthu mazanamazana n'kufa m'chigawo cha kummwera. Sindinganene kuti chumuni changa ndicho chinagumula phirilo. Koma asayansi amagwirizana kuti mpweya wotuluka poyatsa gasi, malasha ndi mafuta ukutenthetsa dziko, ndipo mlengalenga wotentha umanyamula mvula yochuluka. Amene amayatsa pang'ono kuposa onse ndi amene akukwiriridwa. Muyeso uja wa akumva kuwawa ndani ukafika pamenepa umatalika mpaka kwathu. Tinkapereka zopereka za Freddy mu holo yofunditsidwa ndi gasi, titachoka m'nyumba zofunditsidwa ndi gasi.

Ndikanakonda kulemba kuti ndasankha heat pump, nkhani n'kuthera pokoma. Nyumba yathu ndi ya njerwa zakale, ya m'mizere ija yomangidwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanachitike, makoma ake opanda mpata pakati, ndipo imataya kutentha msanga. Heat pump imagwira bwino ndi madzi ofunda pang'ono, ndiye imafuna maradiyeta akuluakulu, thanki ya madzi otentha imene tilibe poiika, ndi nyumba yotsekedwa bwino. Ntchito yonse imapitirira mapaundi 10,000 thandizo lisanachotsedwe, ndipo kuno magetsi ndi okwera mtengo pafupifupi kanayi kuposa gasi. Ndili ndi ngongole ya nyumba, fizi ya ana a mchemwali wanga ku Balaka, ndi chipereganyu chimene chindifika mu Meyi. Chilungamo cha dziko lonse ndimachifuna, koma thumba langa limafika pomwe limafika.

Chigamulo chathu ndi ichi. Boila yakale ichotsedwa, ndipo mkuwa ndi chitsulo chake zipita kwa ogula zitsulo kuti zikasungunulidwe. Pamenepo namwino uja ndamumvera, makombo atoleredwa. Tiika ya condensing, tiitchere kuti madzi ake asamatenthe mopitirira, chifukwa ndi pamene imapulumutsa gasi kwenikweni. Ndalama ya chipereganyu ipita ku ubweya woyala pamwamba pa siling'i mpaka mamilimita 270 amene amalangizidwa, kenako maradiyeta tizisintha imodziimodzi, kuti boila imeneyi ikadzatha nyumba idzakhale yokonzeka kulandira heat pump. Mnyamata wa uinjiniya akuti ndaima pakati pa njira, ndipo akunena zoona. Apongozi sananene kanthu, angofunsa mwana wawo tsiku limene amisiri abwere.

Kwa abale amene muli kuno, makamaka amene mukuchita lendi ndipo mumaopa kuvutitsa landilodi: lamulo limamukakamiza kuyezetsa zida zonse za gasi chaka chilichonse ndi kukupatsani pepala lake, ndipo ku England kuyambira Okutobala 2022 ayeneranso kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda mmene muli boila. Aliyense wogwira gasi m'nyumba mwanu akhale wolembetsedwa ku Gas Safe Register, imene inalowa m'malo mwa kaundula wakale wa CORGI mu 2009, ndipo muli ndi ufulu womupempha khadi lake asanatsegule bokosi. M'bale wa kumpingo amene amadziwa za mapaipi akonze mpopi ndi chimbudzi, koma boila ayi, ngakhale atakuchotserani mtengo. Ngati nyumba ndi yanu ndipo mulibe alamu, kaiguleni sabata ino, nyengo yozizira isanafike pachimake.